Phunziro: Ntchito ya Nsalu ndi Zovala Yolemekeza Munthu ndi Chilengedwe

Kuwerenga: Machitidwe 9:36-42, Machitidwe 16:13-15, Yakobo 5:1-6

MAWU OYAMBA

Phunziro lathu la mwezi uno likukhudza zovala zimene tavalazi, anthu amene amazipanga, ndi ana athu amene akufuna kuti ntchito ya nsalu iwadyetse. Ambiri mwa ife tili ndi ana kapena adzukulu amene analemba mayeso a Giredi 12 ndipo akungokhala pakhomo. Mmodzi mwa iwo akanena kuti akufuna kuphunzira kusoka, nthawi zambiri timamuyankha mokalipa kuti, "Ndavutika zaka zonsezi kuti ukakhale telala pakhonde la sitolo?" Ine ndimaphunzitsa Fashion and Fabrics ku sekondale, ndipo mawu amenewa ndawamva kwa makolo ambiri, ena a iwo a mumpingo mwathu momwemu.

M'ndime zimene tawerengazi mwaona amayi awiri amene ankadziwika ndi nsalu. Dorika wa ku Yopa ankasoka zovala, ndipo atamwalira amayi amasiye anaonetsa Petro ntchito ya manja ake. Lidiya wa ku Tiyatira ankagulitsa nsalu za chibakuwa, zimene pa nthawiyo zinali za mtengo wapatali. Ndime yachitatu ikunena za antchito omanidwa malipiro awo. Tikambirane tsono za luso, za malonda ndi za chilungamo.

ZIMENE NDINAONA KWA TELALA

Chaka china ife amayi a kuno ku Chelstone tinasoketsa madiresi 30 a chitenge chimodzi pokonzekera ukwati wa mwana wa mnzathu. Ine ndinali m'komiti. Telala atatchula mtengo wake, tinamunenerera mpaka anatsitsa pafupifupi ndi theka, ndipo tinamupatsa masabata awiri okha. Tinabwerera kwathu tikuyamikirana kuti tapulumutsa ndalama.

Kutatsala masiku awiri ndinapita madzulo kukaona pamene ntchito yafika. M'kachipinda kopanda zenera ndinapezamo atsikana atatu atawerama pa makina. Mmodzi anadzuka n'kundigwadira, ndipo ndinamuzindikira. Anali mwana amene ndinamuphunzitsa, wa dzanja labwino kuposa onse m'kalasi mwake.

"Mwanawe, usiku uno ukadali pano?"

"Aphunzitsi, lero ndi tsiku lachinayi tikugona mommuno kuti madiresi anu athe."

"Nanga amakulipirani zingati?"

"Amati tikuphunzira ntchito. Amatipatsa ya basi ndi chakudya cha masana."

Anali atakhala pamenepo chaka ndi miyezi iwiri. Ndinatuluka nditakwiyira telalayo, koma ndili m'njira ndinayamba kuwerengera. Ndalama imene komiti yathu inadula ikanakwana kulipira atsikana atatuwo mwezi wathunthu. Telala analakwa ndithu, koma amene tinamupanikiza tinali ife. Nditakauza komiti, amayi ena anawonjezera ndalama, ena anakana nati zimene tinapangana tinapangana. Kuyambira tsikulo, ndikaona chovala chotsika mtengo kwambiri ndimadzifunsa kuti wamanidwa ndani kuti ine ndigule motchipa chotere.

1. KUMENE TACHOKERA

Ntchito ya nsalu si yachilendo kwa ife. Makolo athu ankasula nyanda kuchokera ku makungwa a mitengo monga mombo. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu m'midzi mwawo, ndipo amuna ndiwo ankatsogolera ntchitoyi. Chitenge nachonso chinayenda ulendo wautali. Luso lojambula nsalu ndi phula linachokera ku chilumba cha Java ku Indonesia. Anthu a ku Holland analitengera ku makina, ndipo nsalu zawo zinapeza msika ku West Africa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Kampani ya Vlisco, imene inayamba mu 1846 mumzinda wa Helmond, ndi imodzi mwa makampani amene anatchuka nazo. Chitenge chinakhala chathu chifukwa cha mmene tachigwiritsira ntchito: kuberekera mwana, kuvala pamaliro, kupatsa apongozi.

Zambia italandira ufulu mu 1964, boma linafuna kuti thonje lathu lizisanduka nsalu konkuno. Kafue Textiles inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo Mulungushi Textiles ya ku Kabwe, yomangidwa ndi thandizo la China, inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Amayi achikulire mukukumbukira zitenge za mafakitale amenewa. Kuyambira mu 1991, boma litatsegula zipata za malonda, zovala zakunja, zatsopano ndi zovalidwapo, zinalowa zochuluka ndiponso zotchipa. Mafakitale athu ambiri anali ndi makina okalamba ndi ngongole, ndipo analephera kupikisana nazo. Kafue Textiles inagwa m'zaka za m'ma 2000, ndipo Mulungushi inaimitsa makina mu 2007 n'kukhala yotseka zaka zambiri.

Alimi a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi anapitiriza kulima thonje, koma lambiri limatuluka m'dziko lisanapotedwe. Kupota, kuwomba, kudaya ndi kusoka, kumene kuli phindu lalikulu, kumachitikira kwina, ife n'kumagula chovala chomalizidwa kale. Mwana amene akuphunzira ntchito ya nsalu lero akubweza kwathu kagawo ka ntchito imene inatichokera.

2. MTENGO WOBISIKA WA CHOVALA CHOTCHIPA

Pa 24 Epulo 2013 nyumba yosanja yotchedwa Rana Plaza inagwa ku Savar, pafupi ndi mzinda wa Dhaka ku Bangladesh. Munali mafakitale 5 osokera makampani a ku Ulaya ndi ku America. Dzulo lake makoma anali ataonetsa ming'alu, komabe osoka anauzidwa kuti alowe ndithu. Anthu 1,134 anafa, ambiri a iwo amayi ndi atsikana, ndipo oposa 2,000 anavulala. Ngoziyi inabala gulu la Fashion Revolution, limene limalimbikitsa ogula kufunsa makampani kuti chovala anasoka ndani ndipo analipidwa motani.

Chilengedwe nachonso chimalipira. Akatswiri amawerengera kuti T-shirt imodzi ya thonje imadya malita pafupifupi 2,700 a madzi kuyambira kumunda mpaka kusitolo. Nyanja ya Aral ku Central Asia, imene inali imodzi mwa nyanja zikuluzikulu za pamtunda, inaphwa mbali yaikulu chifukwa kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mitsinje iwiri yothira m'nyanjayi inapatutsidwa kukathirira minda ya thonje. Thonje la kwathu kuno lili bwino pa mbali imeneyi chifukwa limadalira mvula. Nsalu ya poliyesitala, imene ndi yoposa theka la ulusi wonse wopangidwa padziko lapansi, imachokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Ndi pulasitiki, siola msanga, ndipo pochapa imatulutsa tizinyenyeswa timene timalowa m'madzi.

Lipoti la bungwe la Ellen MacArthur Foundation la mu 2017 linaonetsa kuti zovala zopangidwa pa chaka zinawirikiza kawiri pakati pa 2000 ndi 2015, ndipo nsalu yosakwana 1 pa 100 ndiyo imabwezedwa kukhala chovala chatsopano. Nanga zotsalazo zimapita kuti? Bungwe la The Or Foundation linawerengera kuti msika wa Kantamanto ku Accra, m'dziko la Ghana, unkalandira zovala zovalidwapo pafupifupi 15 miliyoni pa sabata, ndipo pafupifupi 40 pa 100 zinkatuluka ngati zinyalala, zina n'kukathera m'mbali mwa nyanja. Kuno ku Lusaka zathu zimathera ku dzala la Chunga, kapena m'ngalande zimene zimatsekeka mvula ikagwa.

3. NANGA SALAULA?

Amayi anzanga, tisanamizane. Tonse timavala salaula, ndipo mabanja ambiri aphunzitsa ana ndi ndalama ya mabelo a ku Soweto ndi ku City Market. Kuvala chimene wina anavalapo kumathandiza chilengedwe, chifukwa chovalacho chimagwira ntchito nthawi yaitali. Vuto ndi lakuti mabelo ena amabwera ndi nsanza zimene maiko olemera akungotaya, ndiponso telala wathu sangafanane mtengo ndi chovala chimene mwini wake anachipereka kwaulere.

Mu 2016 maiko a East African Community anagwirizana kuti aletse salaula pofika 2019. America itaopseza kuti iwachotsera mwayi wa malonda wa AGOA, Kenya, Uganda ndi Tanzania anabwerera m'mbuyo. Rwanda inalimbikira, ndipo mu 2018 inalandidwa mwayi wogulitsa zovala ku America popanda msonkho. Apa tikuona kuti salaula sichoka mawa. Choncho mwana wathu asapikisane nayo pa mtengo. Apereke zimene belo silingapereke: chovala choyezedwa pathupi la mwini wake, cholimba, ndiponso chimene wosoka wake angachikonze chikang'ambika.

4. AMENE AYAMBA KALE

Zimene tikukambazi ena anazichita kale, ndipo ali pafupi nafe. Ku Ng'ombe, konkuno ku Lusaka, ntchito ya Chikumbuso inayamba mu 2005 ndi amayi amasiye. Amayiwa amadula mapulasitiki m'timizere n'kuluka zikwama ndi koloshi, ndipo zikwamazo zagulidwa mpaka kunja kwa dziko. Pamalopo panayambanso sukulu ya ana amasiye ndi maphunziro a kusoka kwa atsikana.

Ku Mfuwe, Tribal Textiles inayamba mu 1991. Amisiri ake amajambula maluwa pansalu ya thonje ndi phala la fulawa ndi madzi, n'kuyanika padzuwa. Kenaka amapaka utoto ndi manja, amaotcha nsaluyo mu uvuni kuti utoto ugwire, n'kuchotsa phala lija. Pamene panali phala pamatsala mizere yoyera. Taonani kuti zida zake zoyambira ndi zimene zili m'khichini mwanu.

Ku Malawi, Mayamiko inakhazikitsa malo osokera ku Chinsapo mumzinda wa Lilongwe. Amagula zitenge pamsika wa konko, amaphunzitsa amayi kusoka, ndipo tizidutswa totsala amatisandutsa zinthu zina m'malo motaya. Mu Seputembala 2019 Meghan, mkazi wa Prince Harry wa ku Britain, anavala diresi lawo ku Cape Town, ndipo dzina lawo linamveka dziko lonse. Kuno kwathu, Kapasa Musonda anaphunzira za zovala ku Los Angeles n'kubwerera kudzakhazikitsa Mangishi Doll ku Lusaka, ndipo madiresi ake a chitenge avalidwapo ndi akatswiri a mafilimu monga Angela Bassett.

Si mwana aliyense adzafika pamenepo, ndipo tisawalonjeze zimenezo. Koma onsewa ali ndi zinthu zofanana: anayamba ndi zimene zili pafupi, ntchito yawo ndi yaudongo, ndipo amatha kuuza wogula amene anapanga katunduyo.

5. NJIRA YOYAMBIRA

Choyamba, mwana adziwe kuti ntchito ya zovala ili ndi nthambi zambiri. Pali wojambula masitayelo, wodula mapatani, wosoka, wodaya ndi kusindikiza nsalu, wowomba, wokonza makina, ndi wogulitsa. Wina amene dzanja lake silitha kusoka mzere wowongoka angakhale katswiri wa mitundu ya utoto. Anyamata nawonso asasalidwe.

Chachiwiri, aphunzire pamalo odziwika. Musanalipire fizi, funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, bungwe limene limayang'anira maphunziro a ntchito za manja. Satifiketi ya kusukulu yosalembetsedwa ingakhale pepala chabe. Amene anaphunzirira kwa telala angathenso kukayesedwa mayeso a trade test kuti luso lawo likhale ndi umboni. Kuyambira mu 2022, pamene ndalama za CDF zinakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, gawo lina linapatulidwa kuti lilipirire achinyamata maphunziro a luso. Kafunseni kwa a Ward Development Committee a kwanu za nthawi yolembera.

Chachitatu, ngati akuphunzira kwa telala, pakhale pangano lolembedwa: aphunzira chiyani, kwa miyezi ingati, ndipo ayamba liti kulandira malipiro. Mayi kapena azakhali apite naye pa tsiku loyamba.

Chachinayi, asunge umboni wa ntchito yake. Akhale ndi kope lojambulamo, amatemo tizidutswa ta nsalu zimene wagwiritsa ntchito, ndipo chovala chilichonse chimene wamaliza achijambule ndi foni pamalo owala, mkati ndi kunja. Wodziwa ntchito amayamba watembenuza chovala kuti aone msoko wa mkati.

Chachisanu, asanyoze masamu. Kuyeza, kukulitsa patani kuchoka pa saizi ina kupita pa ina, ndi kuwerengera mtengo, zonsezi ndi masamu. Pa zida, ayambe ndi makina opalasa ndi mapazi, sizasi yabwino, tepi, choko ndi simbi. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankathima maola 17 kapena kuposa pa tsiku, ndipo amene anali ndi makina opalasa ndiwo anapitiriza ntchito masana. Makina a ovaloko abwera pambuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

6. KUGWIRA NTCHITO MOSAMALA CHILENGEDWE

Dziwani nsalu yanu. Zitenge zambiri zotchipa ndi poliyesitala kapena zosakaniza. Pemphani kachidutswa kakang'ono, mukakagwire ndi chopanira n'kukayatsa pamwamba pa mbale ya madzi. Thonje limapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesitala amasungunuka n'kusiya kamkanda kolimba. Muuzeni wogula zoona za nsalu imene mwamusokera.

Dulani mwanzeru. M'mafakitale nsalu pafupifupi 15 pa 100 imatayika pa tebulo lodulira. Yalani mapatani onse pansalu musanagwire sizasi, ndipo zidutswa zazing'ono monga kolala ndi matumba muzilowetse m'mipata. Masitayelo a makona anayi, monga kaftani ndi siketi yokulunga, sasiya zotsala zambiri.

Musataye zotsala. Zisankheni m'matumba potsata mtundu ndi kukula kwake. Zazikulu zimakhala zikwama, maepuloni ndi zofunda za zigamba. Zazing'ono zimakhala zomangira tsitsi, zopondera pakhomo ndi zoika m'mapilo. Zidutswa za thonje lofewa zimasokedwa kukhala mapadi ochapa a atsikana a sukulu. Kuyambira pamene lamulo la mu 2018 linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 30, zikwama za nsalu zogulira zinthu zili ndi msika.

Sandutsani zakale. Jinzi yong'ambika maondo imakhala siketi kapena chikwama cha mabuku. Malaya aakulu a abambo amatulutsa diresi la mwana. Makatani ndi mashiti a pabedi a m'salaula ndi nsalu yabwino yophunzirira kudula. Kukonza zipi, kuchepetsa ndi kukulitsa zovala ndi ntchito yopatsa ndalama tsiku lililonse, ndipo imabweretsa makasitomala a madiresi atsopano.

Samalani ndi utoto. Wodaya nsalu ndi mankhwala monga soda yotentha avale magolovesi ndipo agwire ntchito panja, kutali ndi ana. Madzi otsala asatayidwe m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, pakuti mbali yaikulu ya Lusaka ili pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, ndipo zimene tataya pamwamba zimafika msanga m'madzi akumwa. Yesaninso utoto wa m'chilengedwe. Makoko a anyezi amapereka mtundu wachikasu, nthangala za mapeyala zimapereka pinki, masamba a tiyi amapereka mtundu wa khofi. Utoto wotere umagwira pa thonje, sugwira pa poliyesitala, ndipo umafuna mankhwala a alamu kuti usasuluke msanga. Musasende mitengo yamoyo pofuna utoto.

Sokani cholimba. Siyani mpata pamsoko kuti chovala chidzakulitsidwe, makamaka cha mwana. Chovala chimene chavalidwa zaka zisanu chateteza chilengedwe kuposa zisanu zovalidwa chaka chimodzi.

7. MTENGO NDI MALIPIRO

Osoka ambiri amatopa popanda phindu chifukwa amatchula mtengo poyang'ana nkhope ya kasitomala. Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambala awa ndi achitsanzo chabe, inu muikemo mitengo ya lero.

Tinene kuti chitenge chagulidwa K150. Layiningi, zipi ndi ulusi ndi K50. Ulendo wa ku Kamwala, pogawana ndi katundu wina, ndi K30. Gawo la lendi, magetsi kapena makala a simbi, ndi mafuta a makina ndi K40. Diresi latenga maola 8, ndipo wosoka wadziikira K25 pa ola, zimene zikupanga K200. Zonse pamodzi ndi K470. Pamwamba pake aikepo phindu la 20 pa 100, ndiye K94, lokonzera makina ndi kukulitsa bizinesi. Mtengo wa diresi ndi K564. Tsono kasitomala akanenerera mpaka K350, amene wataya ndani? Nsalu yagulidwa kale, lendi ilipidwa ndithu. Chimene chadulidwa ndi thukuta la wosoka, kapena la mtsikana amene akumuthandiza.

Choncho phunzitsani mwana kulemba zonse m'kope, kulandira theka la ndalama asanadule nsalu, ndi kusasakaniza ndalama ya bizinesi ndi ya ndiwo. Asunge tsiku limene walonjeza. Mbiri yoti matelala ndi abodza yatayitsa ambiri makasitomala. Kuli bwino kukana ntchito kusiyana ndi kulandira zovala khumi pamene manja angathe zisanu.

Akadzalemba wantchito, akumbukire kumene wachokera. Lamulo la ntchito la mu 2019, Employment Code Act, limakhudzanso mabizinesi aang'ono. Wantchito alembetsedwe ku NAPSA, kumene iye amapereka 5 pa 100 ya malipiro ake ndipo bwana amaperekanso 5 pa 100. Malo osokera akhale ndi kuwala ndi mpweya wokwanira, chifukwa maso ndi msana ndizo chuma cha wosoka. Mwana wa sukulu asagonekedwe pa makina.

8. KULEMBETSA NDI KUPEZA MSIKA

Bizinesi ikayamba kuyenda, dzina lake lilembetsedwe ku PACRA ndipo atenge TPIN ku ZRA. Popanda mapepala amenewa n'kovuta kupatsidwa ntchito ndi sukulu kapena kampani. Ku PACRA komweko ndi kumene munthu amalembetsa chizindikiro cha malonda ake kuti ena asachibe. Nayenso asabe za anzake. Kuona sitayelo pa Facebook n'kuisoka momwemo, kenaka n'kunena kuti ndi yako, ndi kuba.

Msika woyamba ndi woyandikana nawo. Kuyambira mu 2022, pamene maphunziro aulere anayamba m'sukulu za boma, ana ambiri analowa sukulu, ndipo aliyense amafuna yunifomu. Pali makwaya, zilangamulilo ndi maukwati. Zinthu za manja zimagulidwa ku Kabwata Cultural Village, pamsika wa Lamulungu ku Arcades, ndi pamsika wa pamwezi umene wadziwika kwa zaka zambiri pa tchalitchi cha Dutch Reformed ku Kabulonga. Pa katundu aliyense pakhale kapepala konena mtundu wa nsalu, kachapidwe kake ndi amene wasoka. Asalembe kuti nsalu ndi ya ku Zambia ngati inachokera kunja. Anene zoona, kuti yasokedwa ku Chelstone.

9. GAWO LATHU IFE AMAYI

Ife a Chigwirizano ndife ogula aakulu. Timasoketsa mayunifomu, zitenge za misonkhano ndi nsalu za m'tchalitchi. Tikamapereka ntchito yotere, tiyambe tafunsa ngati mumpingo muli wachinyamata wophunzira amene angaigwire kapena kugwirako gawo. Tipereke nthawi yokwanira, tilipire mtengo woyenera, ndipo tilipire pa tsiku limene tinapangana. Ambiri a ife tili ndi ngongole kwa matelala zimene tinaziiwala dala. Mwezi uno tikabweze.

M'nyumba zambiri muli makina osokera amene asanduka tebulo loikapo maluwa. Tiwatulutse, tiwakonzetse, tiwabwereke kwa oyamba kumene. Amayi odziwa kuluka, kupeta ndi kuika zigamba apatule Loweruka limodzi pa mwezi kuphunzitsa atsikana, pakuti luso limeneli likupita ndi agogo athu. Osoka angapo angathenso kugula nsalu pamodzi ndi kugawana makina amodzi a ovaloko. Mutu umodzi susenza denga.

Mtsikana uja ndinamupeza kwa telala anachokako patapita miyezi ingapo. Mayi wina wa m'gulu lathu anamubwereka makina, ndipo anayamba ndi kukonza mazipi ndi kusoka mayunifomu a ana a oyandikana nawo. Sanalemere, koma amalipira yekha lendi ndipo amaphunzitsa mng'ono wake. Mwezi watha ndinamutengera nsalu. Anatulutsa kope lake, anawerengera, n'kutchula mtengo. Ndinalipira osanenerera.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Yang'anani chovala chimene mwavala. Mukudziwa kumene nsalu yake inachokera ndi amene anasoka?

2. Kodi kunenerera mtengo kumasanduka liti kupondereza wosoka? Perekani zitsanzo za m'gulu lanu.

3. Mwana wanu atakhoza bwino Giredi 12 n'kusankha ntchito ya nsalu, mungamuyankhe chiyani? Chifukwa chiyani?

4. Pakhomo panu zovala zakutha zimapita kuti? Tchulani zinthu zitatu zimene mungapange nazo.

5. Mumpingo mwanu muli makina angati amene sakugwira ntchito, ndi achinyamata angati amene angawagwiritse ntchito? Sankhani amayi awiri oti adzabwere ndi yankho pa msonkhano wa mwezi wamawa.

Potseka, pemphererani osoka a m'dera lanu powatchula mayina, alimi a thonje, ndi achinyamata amene akufunafuna ntchito.